Njanji Zisanu ndi Imodzi Zimene Tinkapenta M'chipululu

2006

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva mpaka kutopa nazo, sindizibwerezanso pano. Mutu uno ndi wa zaka zimene ndinagwira ntchito ku Dubai, makamaka mmene ndinachokerako, chifukwa ndikudziwa kuti nkhaniyi mwakhala mukuimva m'makona, aliyense akuthirako nsinjiro zake. Ena amati ndinaba, ena amati ndinamenya bwana. Sindinabe ngakhale msomali, ndipo munthu yekhayo amene ndinamumenyapo chibadwire ndi mng'ono wanga Twaibu, bambo anu aang'ono, tili ana, tikulimbirana mpira wachikulunga. Nkhani ino ndi ya iyeyo.

Ntchito yanga yoyamba inali pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe. Ndinayamba ndi kusenza matumba a feteleza, kenako kapitawo wina wachifundo anandiphunzitsa kuyendetsa fokolifiti, galimoto ija ya mafoloko awiri kutsogolo yonyamulira zolemera. Luso limeneli ndi limene linandikweza ndege ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, imvi zitayamba kale. Kampani imene inanditenga inkamanga paki yaikulu ya masewera m'chipululu, kunja kwa mzinda. Ndinkagona ku Hor Al Anz, dera lina la mumzindamo, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, pa bedi lam'munsi, pamwamba panga pali a Phiri a ku Chipata, oyendetsa takisi, amene ankaliza mkonono ngati chigayo. Basi ya kampani inkatitenga m'mamawa, ulendo wa ola lathunthu, mpaka nyumba zazitali zitatha n'kutsala mchenga wokhawokha ndi mpanda wautali wa waya.

Pa geti panali ofesi yozizira bwino, ndipo mkati mwake munali chifanizo cha paki yonseyo pa tebulo lalikulu kuposa chipinda chathu. Panali timitengo, timahotela, timadamu, koma chimene alendo onse ankathamangira kukaona chinali rolakosita. Kwa inu amene simunaione, ndi kasitima kopanda denga koyenda pa njanji yokwera m'mwamba kwambiri, kenako n'kutsika mwaliwiro, n'kuzondoka, n'kupindikapindika, anthu akukuwa mkatimo atalipira okha kuti aopsezedwe. Ife Amalawi tinkaitcha sitima yamisala. Woyang'anira malo onsewo anali mzungu wamtali wofiira khosi amene tinawapatsa dzina lakuti Bwana Mawa, chifukwa chilichonse ukawapempha, kaya magolovesi, kaya tchuthi, yankho linali lakuti mawa. Sanali munthu woipa. Tsiku loyamba anandisainitsa pepala lakuti chilichonse chimene ndiona mkati mwa mpanda sindidzaulula, ndipo ndikadzaulula, ntchito yatha, viza yatha. Ndinasaina mwachangu chifukwa kunja kunkadikira anthu ena ambiri.

Kumayambiriro kwa 2008

Zaka ziwiri zoyambirira tinangosalaza mchenga ndi kukumba maenje. Kenako tsiku lina mathiraki atatu analowa pa geti atanyamula zidutswa zoyamba za njanji. Zinali zisanu ndi chimodzi, zofiira, chilichonse chachitali ngati basi, zina zowongoka, zina zokhota. Ndinazitsitsa ndine, Bwana Mawa akukuwa kuti ndikangokanda penti andimeza wamoyo. Tsiku limenelo lokha ndi limene analola kujambula mkati mwa mpanda. Ndinaima patsogolo pa zitsulozo, dzanja m'chiuno, chipewa cha ntchito ndachipendeketsa, ndipo chithunzicho ndinachitumiza kwa Twaibu. Kumbuyo kwake ndinalemba kuti, "Ife tikumanga sitima yamisala yoposa zonse padziko. Kuno ntchito ndi mbwee." Mawu amenewa ndinawalemba ndi dzanja langa, palibe anandikakamiza, kunali kudzitama basi.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti padziko pano pali anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi maanja awo, amene amasapota marolakosita monga ife timasapotera mpira. Anali ndi tsamba lawo pa intaneti kumene ankakangana usana ndi usiku. Kampani yathu inali isananene kuti sitimayo idzakhala yaitali bwanji kapena ikupangidwa kuti, ndiye masapotawo ankangopeka okha kuchokera pa zithunzi. Amene ankawajambulira anali bambo Josefu, mmwenye wa ku Kerala, ogulitsa mankhwala pa famase ina m'dera la Satwa mumzinda momwemo, munthu wamfupi wadazi, wa zaka ngati zanga. Lachisanu lililonse masana, pamene anthu onse akupuma, iwo ankaimika galimoto yawo yakale kunja kwa mpanda, kutulutsa kamakwerero, ambulera ndi kamera, n'kukwera kukasuzumira.

Tinazolowerana kudzera pa wayawo. Ankandipatsira timabisiketi pa kabowo, ine n'kumawauza kuti dzuwa limeneli lidzawaphera pa makwerero. Tsiku lina anandionetsa mapepala amene anasindikiza kuchokera pa tsamba lija. Ndinaseka mpaka misozi. Wina wa ku Germany anawerenga mabowo a mabawuti pa chithunzi n'kunena kuti njanjiyo ndi ya fakitale yakutiyakuti. Wina wa ku Japan anamutsutsa kuti sadziwa kanthu, kakhotedwe kameneko ndi ka sitima yozondoka kasanu ndi kanayi. Wina anayeza mthunzi wa kireni yathu n'kuwerengera kutalika kwa nsanja imene inali isanamangidwe n'komwe.

"Kasimu, mnzanga," anatero bambo Josefu, "ndiuzeko kamodzi kokha. Izondoka kangati?"

"Ine ndimangonyamula, bambo. Pakamwa panga anatseka ndi pepala."

"Kasanu ndi kanayi?"

Ndinangomwetulira chifukwa nanenso sindinkadziwa. Sabata yotsatira anandionetsa pepala lina. Anali atalemba kuti wantchito wina wodalirika wa mkati mwa mpanda watsimikiza ndi kumwetulira, ndipo anthu mazanamazana anayankhapo mosangalala. Ndinawafunsa kuti iwowo akwerapo zingati sitima zamisalazi. Anati imodzi yokha, yaing'ono, ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo akhala akudikira yaikulu. Ankafuna kudzakhala pa mpando wakutsogolo tsiku lotsegulira.

Dzina la tsamba limenelo ndinamutumizira Twaibu ndekha, kuti akaone pa intaneti ya m'tauni ku Limbe mmene mkulu wake watchukira.

Chakumapeto kwa 2008

Kugwa kwa chuma sikunabwere ndi phokoso. Tinangoona makireni a mumzinda akuima imodziimodzi, manja ali m'mwamba, katundu akulendewera pomwepo sabata zingapo. A Phiri ankabwera madzulo n'kumasimba za magalimoto apamwamba osiyidwa ku bwalo la ndege, fumbi lili tho, eni ake atathawa. Kwathu kumpanda mabasi otitenga anachoka pa asanu ndi atatu kufika pa imodzi, kenako kaminibasi. Anzathu a ku Nepal ndi a ku Bangladesh ankaitanidwa ku ofesi m'magulu, n'kutuluka ndi envulopu m'manja, maso ali pansi. Tinatsala anthu khumi ndi mmodzi. Madzi akumwa anayamba kubwera kawiri pa sabata, dizilo ankayeza ndi botolo, magolovesi tinkasoka tokha ndi waya. Alonda nawonso anawachotsa, ndiye Lachisanu tinkasinthana kulondera, munthu mmodzi tsiku lonse ndi makiyi a geti. Zidutswa zina za njanji sizinabwerenso.

M'mawa wina Bwana Mawa anatiitana kuseri kwa makontena. Pambali pawo panali zigubu za penti wabuluu.

"Anyamata," anatero, ngakhale ambirife tinali ndi zidzukulu, "anthu amene anagula nyumba zozungulira paki ino ali ndi mantha. Akuluakulu athu akuti anthuwo amawerenga tsamba la masapota aja kuposa mmene amawerengera makalata athu. Ndiye masapota aziona ntchito ikuyenda. Kasimu, zitsulo zitatu uzisunthire kumpanda wakumpoto. Mupente buluu, muphimbe ndi lona, koma musiye nsonga ikusuzumira."

"Bwana, njanji zenizeni zibwera liti?"

"Mawa, inshallah. Yalla, tiyeni."

Imeneyo inasanduka ntchito yathu, ndipo ndikuvomereza pamaso panu kuti ndinaigwira mwaluso. Lachitatu tinkapenta, Lachinayi ndinkasuntha. Ndinaphunzira kuti chitsulo chokhota ukachigoneka chambali chimaoneka ngati china. Ndinkazungulirazungulira ndi fokolifiti pa mchenga kuti pakhale mikwasa ya matayala ambiri, tinkayanika maovololo akale pa chingwe ngati pali gulu la anthu, makontena opanda kanthu tinkawasanja mwatsopano sabata iliyonse. Buluu atatha mwezi, kunabwera penti wachikasu. Bambo Josefu ankakwera makwerero awo, kujambula, n'kutsika akunjenjemera ndi chimwemwe. Pa tsamba paja panabuka moto. Mitundu itatu, ndiye kuti marolakosita atatu! Yofiira ndi yaitali, yabuluu idzadutsa pansi pa madzi, yachikasu ndi ya ana. Ankatamanda kampani yathu kuti ndi yokhayo imene yalimba mtima pamene ena onse agwa.

Mabisiketi a bambo Josefu anayamba kundikakamira pakhosi. Komabe ndinkadziuza kuti bodza limeneli silipha munthu, ndi masewera a anthu okhuta, ndipo ine ndili ndi ana kusukulu. Iwe Amina unali utangoyamba fomu wani ku sekondale yogonera komweko, ndipo unkandilembera kuti ukufuna kudzakhala namwino.

Nyengo yotentha, 2009

Foni ya Twaibu inandipeza Lamlungu madzulo, ndikutsika minibasi ku Hor Al Anz. Iye anali wowotcherera zitsulo pa kampani ina yokonza mabasi ku Limbe, zaka khumi ndi zinayi pamalo amodzi, ntchito ya penshoni, ndi chipatala cha kampani chimene chinkathandiza mwana wake Shakira wodwala mphumu.

"Achimwene, ndaganiza. Ndikubwera konko."

"Kudzatani?"

"Nanga n'kudzaona mchenga? Marolakosita atatu, anthu owotcherera afunika ambirimbiri. Pali mkulu wina kuno wandikonzera viza ya mlendo, ntchito ndidzaipezera konko. Kalata yosiya ntchito ndalemba kale. Lolemba linalo, osati lamawali, ndikapereka, Lachitatu lake ndikwera ndege."

Ndinakhala pansi pa sitepe ya shopu ya munthu. "Iwe Twaibu, tamvera. Kuno kulibe ntchito. Zitsulo ukuzionazo ndi zomwezomwezo, zisanu ndi chimodzi. Timangozipenta. Ndimazisuntha ndine."

Anaseka, kuseka kwenikweni. "Achimwene, mukananena kuti simukufuna ndidzakupanikizeni m'chipinda, ndikanamva. Koma bodza limeneli lakukulirani. Azungu a mayiko onse, anthu ophunzira, akuyeza ndi kuwerengera, onsewo ndi opusa? Chithunzi chanu chija chili pakhoma pano. Munalemba nokha kuti ntchito ndi mbwee."

"Zinali kale zimenezo!"

"Zinali kale pamene munkadya nokha. Lero ndikufuna kudyako nane, zatha. Chabwino. Ndidzagona kumzikiti, sindidzakuvutitsani."

Anadula. Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira, koma mkwiyowo unalibe pogwera, chifukwa ndikudziwa mmene kwathu timamvera. Wachibale wa kunja akati usabwere, ife timamva kuti wapeza uchi ndipo akubisa phanga. Inenso ndinawanenapo choncho amalume athu a ku Joni ndili mnyamata. Ndinamuimbira Lolemba, ndinamuimbira Lachiwiri. Ndinamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, iye anati miyambi siilipira sukulu. Ndinalumbira m'dzina la malemu mayi athu, iye anati ndisawalowetse akufa pa nsanje yanga. Mawu akuti nsanje anandilasa kwambiri.

Lachitatu anaimba alamu anga, mai a Shakira, kuchokera pa foni yolipira ya pamsika, chifukwa iwo analibe yawo. Ankalankhula mothamanga, akulira. "Alamu, muletseni mbale wanu. Ine akuti ndine mkazi wopanda masomphenya. Madzulo aliwonse ali pa intaneti, akubwera ndi mapepala a zitsulo, akuwaonetsa ana. Akasiya ntchito imeneyi, mwana uyu akabanika ndidzapita naye kuti?" Ine ndinali nditawaona ndi maso anga amuna obwera pa viza ya mlendo, viza itatha, akugona pa makatoni kuseri kwa mashopu ku Satwa, akuthawa akaona yunifolomu iliyonse. Ena anali amisiri abwino kuposa Twaibu.

Ndinawafotokozera a Phiri zimene zinkandizungulira m'mutu. Ndinati mng'ono wanga sakhulupiriranso ine, akukhulupirira masapota. Ndiye choona chiyenera kutulukira pa tsamba lomwelo. A Phiri anatsika pa bedi n'kundiyang'ana ngati ndapenga.

"Mudala, imwe muli na bana. Mufuna kuluza nchito chifukwa cha muntu wosamvela? Bazakukanselani viza, mwina na polisi pamwamba. Khalas, basi, mulekeni abwele, azaona yeka."

"Akadzaona yekha, ntchito yake idzakhala itapita."

"Nanga yanu?"

Funso limenelo linali loona. Ntchito yanga inali yopenta bodza, koma inkatumiza chakudya kunyumba, ndipo mwina ikanakoka chaka china. Ya Twaibu inali yeniyeni. Lachinayi ndinasuntha zitsulo monga mwa nthawi zonse. Pa ndandanda wa pakhoma, wolondera Lachisanu limenelo ndinali ine.

Lachisanu lija

Ndinaswali ndekha m'kontena, thukuta likugwera pa mkeka. Ndinapempha Mulungu kuti ngati ndikulakwa, galimoto ya bambo Josefu isabwere. Itakwana thuu koloko, ndinaiona ikubwera pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda. Anali akutulutsa makwerero pamene ndinawaitana.

"Bambo Josefu, siyani zimenezo. Bwerani ku geti."

Anaima, ambulera ili m'manja. "Kasimu, walandira chilolezo?"

"Bwerani msanga. Bwana nthawi zina amadutsa Lachisanu."

Ndinawatsegulira geti. Tinayenda pa mchenga wotentha, iwo akupuma mwabefu, nkhope ikuwala ngati mwana wopita kukaona mphatso. Zinandimvetsa chisoni kwambiri. Ndinakoka lona loyamba, kenako lachiwiri. Ndinawauza kuti awerenge zitsulo zonse za mkati mwa mpanda. Anawerenga kuno zitatu zachikasu, uko zitatu zabuluu, n'kuyang'anayang'ana kufuna zina. Ndinatsegula makontena anayi motsatizana, onse ali mbee. Kenako ndinatulutsa kampeni kanga n'kupala chitsulo chachikasu. Pansi pa chikasu panatuluka buluu, pansi pa buluu panatuluka chofiira.

Bambo Josefu anakhala pansi pa mchenga womwewo wotenthawo, osaumva n'komwe.

"Miyezi yonseyi," anatero, "ndakhala ndikunamiza anthu."

"Amene ndimanamiza ndine. Inu mumangojambula."

Ndinawauza za Twaibu, za kalata ya Lolemba, za mwana wa mphumu. Ali mkati momvetsera, ndinaona fumbi likukwera patali pa msewu wolowera ku geti. Ndinaganiza kuti ndi Bwana Mawa. Tinagwada kuseri kwa kontena, amuna awiri aimvi, tikumvetsera injini ikuyandikira. Akanatipeza, ine ndikanachotsedwa popanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo bambo Josefu akanagona m'chitokosi chifukwa cholowa pamalo a eni. Injiniyo inafika pa geti, inachepetsa liwiro, kenako inapitirira. Inali thanki ya madzi yosochera.

"Jambulani msanga," ndinatero.

Anajambula popalidwa paja, makontena, mikwasa ya matayala. Kenako anatsitsa kamera n'kupukusa mutu. "Anthu anga ndikuwadziwa, Kasimu. Anena kuti ndi malo ena, kapena ndasintha chithunzi pa kompyuta. Amene akufuna kukhulupirira sasowa chonena. Koma ndingathe kulemba kuti ndinalumpha mpanda ndekha, iwe sunandione."

"Mukatero akumangani, ndipo mng'ono wanga anena zomwezo, kuti n'zopeka."

Ndinadziwa chimene chinatsala. Ndinavala chipewa changa, ndinakonza ovololo kuti chizindikiro cha kampani chioneke bwino, n'kuima pambali pa chitsulocho, chala changa chikuloza mitundu itatu ija, nkhope ili poyera.

"Ukudziwa chimene chikuchitikire?" anafunsa.

"Ndinasaina ndekha. Jambulani."

Kamera inalira kawiri. Potuluka pa geti anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, maso atafiira. Makwerero awo anawaiwala pa mpanda.

Sabata yotsatira

Loweruka a Phiri ananditengera pa intaneti ya pafupi ndi kwathu. Tsamba lija linali litasanduka maliro osakanikirana ndi ndewu. Ena ankatukwana kampani, ena ankatukwana ine kuti ndine wantchito wokhumudwa, wina wa ku Germany uja anali atayerekeza mabowo a mabawuti pa zithunzi zonse zakale n'kuvomereza kuti ndi zitsulo zomwezomwezo. Nkhope yanga inali pamwamba pa zonse. Ndinamuimbira Twaibu. Foni inalira mpaka kudula yokha. Ndinaimbanso, inali yothimitsa.

Lamlungu, limene kumeneko linali tsiku loyamba la ntchito, Bwana Mawa anandiitana ndisanavale n'komwe nsapato za ntchito. Mu ofesi muja makina oziziritsa anali atazimitsidwa, ndipo chifanizo cha paki chinali chitachita fumbi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione.

"Uyu ndani, Kasimu?"

"Ndine, bwana."

"Wakulipira zingati?"

"Sanandilipire. Mng'ono wanga akufuna kusiya ntchito mawa kuti adzawotcherere zitsulo zimenezi."

Anapukuta nkhope ndi manja. Ndinaona kuti nawonso akalamba m'miyezi imeneyo. Anati akazi awo ndi ana anabwerera kwawo kalekale, akugona okha m'nyumba yopanda mipando. "Akuluakulu akufuna ndikupereke kupolisi," anatero. "Ndawauza kuti tikiti ya ndege ndi yotchipa kuposa loya. Viza yako ikanselidwa lero. Unyamuka Lachinayi, pasipoti udzailandirira ku bwalo la ndege." Aka kanali koyamba kundipatsa tsiku lenileni.

Masiku anayi amenewo sindikufunira munthu aliyense. Lolemba linafika n'kudutsa, foni ya Twaibu ili chithimire. Alamu anga ndinalibe njira yowapezera. Sindinadziwe ngati waona chithunzicho, ngati wakhulupirira, kapena ngati wanena kuti achimwene afika pochita kudzinamizira okha kuti ine ndisabwere. Lachitatu ndinakhala pa bedi tsiku lonse, sutikesi ili yomanga, ndikudumpha chitseko chikangogogodedwa, ndikuganiza kuti ndi iyeyo wafika ndi chikwama chake. Ndinaganizira za iwe Amina, kuti teremu ikubwerayo uchoka ku sukulu yogonera, ndipo unachokadi. Unalira, sunandilankhule mwezi wathunthu, ndipo unali ndi ufulu wotero. Ndinkadzifunsa ngati ndataya zonsezi pachabe.

Ku bwalo la ndege ndinkayang'ana nkhope ya munthu wakuda aliyense wotuluka. Posintha ndege ku Nairobi ndinayenda uku ndi uku kuyang'ana pa mabenchi. Ndinatera pa Chileka Lachisanu m'mawa, panalibe wondichingamira chifukwa sindinauze munthu. Sindinapite kunyumba. Ndinakwera minibasi ndi sutikesi yanga pamiyendo mpaka ku Limbe, n'kuyenda wapansi kukafika pa geti la kampani ya mabasi ija. Mlonda anandikaniza kulowa. Ndinangosuzumira pakati pa zitsulo za geti.

Pansi pa basi ina yopanda matayala panali munthu atagona chagada, chigoba chowotcherera chili kumaso, moto ukuthetheka. Ndinayang'ana nsapato zake, ndinayang'ana mmene anapindira mwendo. Patapita kanthawi motowo unazima. Munthuyo anatuluka, anakweza chigoba, n'kuyang'ana kugeti. Anali Twaibu.

Anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pa ovololo. Anayang'ana sutikesi, kenako ine, kenako pansi.

"Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera."

Anafuna kunena china, koma sichinatuluke. Mpaka lero sichinatuluke, ndipo ine sindinachifunsepo.

"Kapitawo salola alendo nthawi ya ntchito," anatero. "Ndiweruka faifi koloko. Mundidikire."

Anatsitsa chigoba chake n'kubwerera pansi pa basi. Ine ndinagoneka sutikesi kunja kwa geti, ndinakhalapo, ndipo ndinamudikira mng'ono wanga maola asanu kuti aweruke kuntchito.